Kuitana mayina pa mphepo

Kachipinda kamene ndinkachita lendi ku Benoni, kum'mawa kwa Johannesburg, kanali kuseri kwa nyumba ya bambo ena achikulire amene anapuma pa ntchito ya zamagetsi. Pa denga la nyumba yaikulu panali mlongoti, ndipo kuchoka pamenepo waya wamtali ankadutsa pamwamba pa khomo langa n'kukamangidwa ku nthambi ya jakaranda. Bambowo anali mmodzi wa anthu amene amadzitcha ma ham, anthu okhala ndi chiphaso cha boma chowalola kulankhula pa mphepo ndi wayilesi zawozawo. Salipidwa, sagulitsapo kanthu, amangoikonda wayilesi basi. Lachiwiri lililonse 7 koloko madzulo ikamayandikira, bambowo ankasiya chilichonse, kaya akuthirira maluwa kaya tiyi akadali m'kapu, n'kukalowa mu galaja. Posakhalitsa pa zenera la galajayo pankatuluka mawu a anthu ambiri, aliyense kulankhula pang'ono n'kusiyira mnzake.

Tsiku lina atandiona nditaima pa khomo, anandikodola n'kundilozera kampando. Pa tebulo panali wayilesi ziwiri, ina yaing'ono, ina yaikulu ya mabatani ambirimbiri. Pansi pa tebulo panali batire yolumikizidwa ndi mawaya ofiira ndi akuda, poti nthawi imeneyo magetsi ankathima mosinthanasinthana pafupifupi tsiku lililonse. Panalinso buku la mizere, ndi pensulo yomangirira ku kachingwe kuti isasochere. Msonkhano umene ndinkaumvera pa zenera uja eni ake amautcha net. Tsiku lake ndi lodziwika, ola lake ndi lodziwika, malo ake pa wayilesi ndi odziwika, ndipo palibe amene amatumiza uthenga wokumbutsa anzake. Nthawi ikakwana ungotsegula wayilesi, anzako uwapeza.

Pamakhala mmodzi woyendetsa msonkhano. Amayamba watchula dzina lake la pa wayilesi, kenaka amafunsa ngati alipo amene ali ndi uthenga wa mwadzidzidzi. Amadikira ndithu. Pakakhala zii, amaitana amene ali pa msewu m'magalimoto, chifukwa mawu awo akhoza kuzimirira nthawi iliyonse akatsetserekera m'chigwa. Akatha awa m'pamene amaitana otsala. Aliyense amangotchula dzina lake n'kukhala chete, woyendetsa uja akulemba. Mndandanda ukakwana amabwerera pamwamba n'kuyamba kupereka mpata kwa mmodzimmodzi kuti anene zake.

Mayinawo ndi a zilembo ndi nambala. Bambo anga a lendi lawo linkayamba ndi ZS6, ndipo potchula ankati Zulu Sierra Six, kenaka zilembo zawo zotsatira, chilembo chilichonse ndi liwu lake, chifukwa wayilesi ikamasokosa B ndi D ndi P zimamveka chimodzimodzi. ZS ndi South Africa. 6 akukuuza kuti munthuyo ali cha ku Gauteng ndi madera a kumpoto, pamene ZS1 ndi wa ku Cape Town ndi madera ozungulira, ZS5 wa ku KwaZulu-Natal. Dzinalo amapereka ndi a ICASA, bungwe loyang'anira za mawayilesi m'dzikolo, munthu akakhoza mayeso, ndipo pa dziko lonse lapansi palibenso wina amene ali nalo. Lamulo limafuna kuti uzilitchula ukamalankhula. Malamulo a bungwe la ITU, limene limagawa mafunde a wayilesi pakati pa mayiko, salolanso ma ham kubisa tanthauzo la zimene akunena polankhulana ndi anzawo a kunja. Choncho chilichonse chonenedwa pa net chimanenedwa poyera, dzina la mwini wake lili pomwepo. Ine amene ndinazolowera kuona anthu akutukwanana pa Facebook atabisala kuseri kwa mayina opeka, chimenechi chinandikhudza msanga.

Nanga amakambirana zotani? Munthu womva koyamba akhoza kudabwa. Wina anena kuti kwawo mvula yagwa mamilimita 12. Wina anena kuti bondo lija likupezako bwino. Wina akufunsa ngati alipo amene ali ndi chotchajira batire chimene sakuchigwiritsa ntchito. Amauzana mmene akumvanirana, ndipo akati five nine ndiye kuti mawu akumveka bwino lomwe komanso afika ndi mphamvu. Za ndale ndi za chipembedzo amazipewa mwa chizolowezi. Pomaliza aliyense amatsanzika ndi 73, mafuno abwino amene anachokera kwa akale otumiza matelegalamu, ndipo woyendetsa amatseka msonkhano. Theka la ola latha.

Ndinawafunsa tsiku lina kuti, "Bambo, kodi anthu onsewa mumawadziwa?"

Anati, "Ena sindinawaonepo nkhope. Koma akangotsokomola ndimadziwa kuti ndi uje."

Chimene ndimafuna kukhalapo pang'ono ndi mmene wayilesi yamtunduwu imaumbira khalidwe la munthu. Pa foni tonse awiri tikhoza kulankhula nthawi imodzi, kudulana mawu, kukwezerana mawu. Apa ayi. Ukadina batani la pa maikolofoni, wayilesi yako imasiya kumva. Nthawi yonse imene ukulankhula ndiwe gonthi. Wina atakuwa kuti nyumba yake ikupsa, iwe sungamve mpaka utachotsa chala. Awiri akadina pamodzi, wamphamvu amakwirira wofooka, apo ayi onse awiri amangomveka phokoso. Tsono net ya Lachiwiri ija inkadutsira pa makina otchedwa repeater, amene amaikidwa pa phiri kapena pamwamba pa nyumba yaitali, kulandira mawu pa malo amodzi cha pa 145 MHz n'kuwaulutsanso pa malo ena otalikirana ndi 600 kHz, kuti ngakhale wa kawayilesi ka m'manja amveke kutali. Makinawa ambiri ali ndi wotchi m'kati mwake. Ukalankhula mosalekeza kwa mphindi zitatu kapena kuyandikira apo, amakudula okha, kaya ndiwe wamkulu bwanji.

Ndinkayang'anitsitsa chala cha bambo aja. Mnzawo akamaliza kulankhula, nthawi yawo itakwana, sankadina msanga. Chala chinkakhala chili lende pamwamba pa batani, milomo ikugwedera pang'ono ngati akuwerenga chamumtima, kenaka n'kudina. Kampata kameneko ankakasiya dala. Ndi ka munthu amene sali pa mndandanda, amene mwina wapeza ngozi pa msewu, kapena mlendo amene wangotulukira ndipo akufuna kupereka moni. Aliyense pa net ankasiya kampata kotere, sabata ndi sabata, ngakhale kuti nthawi zambiri palibe amene ankalowapo. Zinkandikumbutsa bwalo la kwa amfumu kumudzi, kumene munthu sangodzuka n'kuyamba kuyankhula. Amapempha, amapatsidwa, amanena zake, n'kubweza nkhani kwa eni bwalo, ndipo nyakwawa asanatseke amafunsa kaye ngati watsala wina ali ndi mawu.

Mndandanda uli ndi ntchito inanso imene sinalembedwe paliponse. Umaonetsa amene palibe. Madzulo ena a dzinja, pambuyo pa mvula ya ziphaliwali zoopsa zija za ku Highveld, dzina lina lozolowereka silinamveke. Woyendetsa atamaliza onse anabwereza kuliitana. Zii. Wina anati amuimbira foni, ndipo msonkhano usanathe anabwera ndi yankho loti mkuluyo ali bwino, koma mphezi yawononga eriyo yake, ndipo iye sangathenso kukwera makwerero. Loweruka lotsatira bambo anga a lendi anapakira makwerero ndi bokosi la zipangizo m'galimoto, nane ndinapita kukagwirira makwererowo. Tinapeza anthu ena awiri atafika kale. Mwini nyumba, munthu wokhala yekha, anakhala pa mpando panja akulozera ndi ndodo kumene waya adutse. Sanapemphe aliyense kuti abwere. Anangosowa pa mndandanda, ndipo zinakwanira.

Wina wa iwo akamwalira amamutcha silent key, potengera kachipangizo kogogodera Morse kamene tsopano kakhala chete. Ma net ambiri ali ndi mwambo womuitana komaliza. Ndinaumvapo. Woyendetsa anatchula dzina lija katatu, akudikira pakati pake monga amachitira masiku onse, kenaka ananena kuti palibe yankho, n'kupereka mawu ochepa othokoza. Bambo aja anavula magalasi n'kuwaika pa buku. Msonkhano unapitirira, wotsatira ananena za mvula ya kwawo.

Sindingabise kuti ambiri amene ndinkawamva anali azibambo achikulire, ambiri azungu, ndipo mawu a mayi kapena a wachinyamata ankamveka patalipatali. Zipangizo zabwino n'zodula, mayeso amafuna nthawi ndi wokuphunzitsa, ndipo kwa zaka zambiri khomo la zinthu ngati izi linali lotsekeka kwa anthu akuda a m'dzikolo. Zina zasintha. Chiyambire 2003 mayiko sakukakamizidwanso kuyesa anthu Morse asanawapatse chiphaso, ndipo timawayilesi ta m'manja tochokera ku China ngati Baofeng tatsitsa mtengo woyambira. Komabe mwambo woterewu ukapanda olowa m'malo umatha pamodzi ndi eni ake, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa.

Kulandizana uthenga n'kumene kunabala zonsezi. Mu 1914 Hiram Percy Maxim wa ku Hartford ku America analephera kufikitsa uthenga ku Springfield, mtunda wosakwana makilomita 50, mpaka anapempha mnzake wa ku Windsor Locks, pakati pa mizinda iwiriyi, kuti aulandire n'kuupititsa. Apo m'pamene panachokera bungwe la American Radio Relay League. Ku England, madzi a m'nyanja atasefukira ku gombe la kum'mawa usiku wa pa 31 January 1953 n'kupha anthu oposa 300, ma ham anakhazikitsa gulu la RAYNET chaka chomwecho. Hurricane Watch Net inayamba mu 1965 pa nthawi ya namondwe Betsy, ndipo mpaka lero namondwe akamayandikira mtunda amakumana pa 14.325 MHz, kulandira malipoti a mphepo ndi madzi kuchokera kwa anthu a pa zilumba n'kuwapereka ku National Hurricane Center ku Miami. Mu December 2004 gulu la ma ham a ku India lotsogozedwa ndi Bharathi Prasad linali ku Port Blair, pa zilumba za Andaman, kukangolankhula ndi anzawo a m'mayiko ena. Tsunami itagunda pa 26 December, wayilesi zomwezo zinayamba kunyamula mauthenga a anthu osowa abale awo. South Africa nayo ili ndi gulu lake lotchedwa HAMNET.

Nkhani zoterezi ma ham amakonda kuzifotokoza, ndipo n'zoona. Koma ine ndikaziganizira mtima wanga umabwerera ku Lachiwiri wamba. Tsiku la tsoka munthu saphunzira kulankhula mwachidule, kutchula dzina la mudzi chilembo ndi chilembo, kubwereza nambala kuti wolandira atsimikize, kapena kudikira nthawi yake pamene mtima uli m'mwamba. Amachita zimene thupi linazolowera kale. Batire imene idzagwire ntchito tsiku limenelo ndi yomweyo imene inayesedwa sabata yatha ponena za mamilimita 12 a mvula. Woyendetsa amadziwa kale kuti uje wa kuseri kwa phiri samveka pokhapokha wina amulandirire. Nkhani za bondo ndi za chotchajira zija ndi zimene zimasunga njira kuti isamere udzu.

Pa shelefu ya pamwamba m'galajamo munalinso kachipangizo kena kamene kalibe maikolofoni. Ndi sikana. Ntchito yake ndi kumvetsera kokha. Umaikamo malo ambiri a pa wayilesi, ndipo imayendera onsewo mothamanga, manambala akuphethira pa kagalasi, mpaka itapeza pamene wina akulankhula. Imaima, umamva, munthuyo akamaliza imadikira pang'ono n'kupitiriza ulendo. Benoni ili pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, ndipo bambo aja ankakonda kumvera ndege, zimene zimalankhula pakati pa 118 ndi 137 MHz. Loweruka masana tinkakhala pa khomo la galaja, n'kumva mawu a wowongolera ndege akupereka malangizo, woyendetsa ndege akuwabwereza liwu ndi liwu, kenaka patapita mphindi zochepa ndege yomweyo inkatulukira pamwamba pa madenga, matayala atatsika kale.

Kubwereza kumeneko kuli ndi mbiri yowawa. Pa 27 March 1977 ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana mu nkhungu pa bwalo la Los Rodeos ku Tenerife, ndipo anthu 583 anafa. Zifukwa zinali zingapo, koma chimodzi chinali chakuti pa mphindi yofunika kwambiri wowongolera ndege ndi a Pan Am analankhula nthawi imodzi. A m'ndege ya KLM anangomva kulira kwa wayilesi m'malo mwa mawu amene akanawaimitsa. Pambuyo pa ngoziyi mawu ogwiritsa ntchito ponyamuka anakhwimitsidwa kuti pasakhale liwu lomveka pawiri. Nditadziwa zimenezi, kampata kaja ka chala cha bambo aja ndinayamba kukaona ndi maso ena.

Kumvera ndege kunkandisangalatsa, ndipo sindiona amene kumamulakwira. Koma sikana kutchuka kwake kwenikweni, makamaka ku America, ndi kumvera apolisi, ozimitsa moto ndi ma ambulansi. Apolisi a ku Detroit anayamba kutumiza mauthenga ku magalimoto awo pa wayilesi mu 1928, ndipo m'zaka za m'ma 1930 mabanja ambiri ankatha kuwamva pa wayilesi za m'nyumba. Wojambula zithunzi wa ku New York wotchuka ndi dzina loti Weegee analoledwa mu 1938 kukhala ndi wayilesi ya apolisi m'galimoto yake, ndipo nthawi zina ankafika pa malo a ngozi apolisiwo asanafike. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera ma sikana ngati Bearcat, ndipo kumvetsera kunalowa m'makhitchini ndi m'zipinda zogona. Lero pa intaneti pali malo ngati Broadcastify pamene munthu ali ku Lilongwe akhoza kumva apolisi a mzinda wina wa ku America ali pa ntchito.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain kukhala ndi sikana n'kololedwa, koma lamulo la Wireless Telegraphy Act la 2006 limaletsa kumvetsera mauthenga amene sanakonzedwere iwe kapena anthu onse. Mawayilesi wamba ndi ma ham ukhoza kumvera. Apolisi a kumeneko anasamukira kale ku njira yotchedwa Airwave, imene mawu ake amakhala okiyidwa. Ku America nakonso kumvetsera mafoni a m'manja kunaletsedwa mu 1986, ngakhale kuti wayilesi za apolisi zinapitirira kukhala zotsegula m'mizinda yambiri.

Apa m'pamene mtima wanga umagawikana. Wa pa net amatchula dzina lake, amamveka, amawerengedwa, ndipo akalakwitsa anzake amamukonza pomwepo. Wa pa sikana palibe amene akudziwa kuti alipo. Amamva nambala ya nyumba kumene mwamuna akumenya mkazi wake, amamva zaka za mwana amene wasiya kupuma, amamva dzina la munthu amene apolisi akungomuganizira chabe. Anthu amenewa sanasankhe kuti tsiku lawo loipitsitsa limveke m'khitchini ya mlendo. Ndiponso zimene zimanenedwa pa wayilesi ya apolisi ndi nkhani zosapsa: wapolisi akunena zimene wamva kwa woimba foni, ndipo patapita mphindi khumi zikhoza kupezeka kuti si zoona. Mu April 2013, apolisi a ku Boston akusaka amene anaphulitsa mabomba pa mpikisano wothamanga, anthu masauzande ambiri ankamvetsera kudzera pa intaneti, ndipo ena anafalitsa pa Twitter mayina a anthu osalakwa ponena kuti awamva pa wayilesi ya apolisi. Madzi akatayika sawoleka. Mabanja a anthu amenewo anasenza mtolo umene sunali wawo.

Komabe sindigwirizana ndi amene amati njira ndi kutseka zonse. Apolisi ali ndi mfuti ndi mphamvu yomanga munthu, ndipo akadziwa kuti atolankhani ndi anthu wamba akumva, amalankhula ndi kuchita mosamala. Pali nkhani zambiri zimene zikanakwiriridwa pakanapanda mtolankhani amene anamva pa sikana n'kuthamangira pa malopo. Apolisi a ku New York anayamba kukiya mawayilesi awo mu 2023, ndipo mabungwe a atolankhani anadandaula kwambiri. Ku Chicago anasankha kuti anthu azimva ndithu, koma patadutsa mphindi 30. Njira imeneyi ili ndi zofooka zake, chifukwa amene akuchedwetsa mawu akhozanso kuchotsamo zina, koma ikuyesa kusunga zinthu ziwiri zimene zonse n'zofunika: chitetezo cha amene ali pa mavuto, ndi ufulu wa anthu wodziwa zimene antchito a boma akuchita.

Chimene ndinaona kwa bambo aja n'chakuti kumvetsera ankakutenga ngati udindo. Zimene amva mwangozi sankazinyamula kupita nazo kwa anansi. Ankanena kuti ham wabwino amamvetsera nthawi yaitali kuposa imene amalankhula, ndipo asanaitane pa malo alionse amayamba wafunsa ngati palibe amene akuwagwiritsa ntchito. Ambiri mwa anzawo anayamba ali anyamata omvetsera chabe, usiku, mahedifoni kumutu, mpaka tsiku lina analakalaka kuyankha. Ndikuganiza kuti ulendo wabwino wa womvetsera ndi umenewo. Khutu lokha likhoza kusandutsa mavuto a anthu ena kukhala chosangalatsa cha madzulo. Koma munthu amene tsiku lina anaperekapo dzina lake pa mndandanda, n'kumva mnzake wosamuona akulibwereza, sangamvenso mawu a pa wayilesi ngati opanda mwini.

Wayilesi yaikulu ija inali ya Lamlungu m'mawa, pamene bungwe la South African Radio League, limene linayamba mu 1925, limaulutsa nkhani zake, kenaka anthu n'kumaitana kunena mmene amvera. Imeneyi sinkadalira repeater. Mafunde a 7 MHz amakwera kumwamba, kukafika pa mpweya umene dzuwa limaupatsa mphamvu ya magetsi makilomita mazana angapo pamwamba pathu, n'kukhotera pansi kutali. Usana ndi usiku zimasintha mmene akhotere, nyengo nayonso, ngakhalenso madontho a pa dzuwa amene amachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11. N'chifukwa chake mawu a kutali ankabwera akukwera ndi kutsika. Pa wayilesi imeneyi m'pamene ndinaphunzira kuzindikira mayiko ndi makutu: V5 ndi Namibia, A2 Botswana, Z2 Zimbabwe, 9J Zambia, C9 Mozambique.

Ndinafunsa kuti, "Nanga kwathu, Bambo?"

Anatsitsa katoni ya nsapato yodzaza ndi makadi amene ma ham amatumizirana potsimikiza kuti analankhulana. Anafufuza kwa kanthawi n'kusolola imodzi yokhala ndi chithunzi cha bwato pa nyanja, pamwamba pake patalembedwa 7Q7. Anati Malawi ndi 7Q, ndipo ndi dzina losowa moti likamveka pa mphepo anthu a ku Ulaya, ku Japan ndi ku America amaunjikana kuliitana. Anawonjeza kuti ambiri mwa a 7Q amene iwo analankhulapo nawo anali alendo odzacheza kapena odzagwira ntchito kwa kanthawi.

Ndinakhala ndi kakhadiko m'manja kwa nthawi. Ine ndinakulira pa wayilesi. Kwathu MBC ikayamba kuwerenga mauthenga a chisoni aliyense ankasiya zolankhula, kuopa kuti dzina la wachibale lingadutse osalimva. Koma wayilesi kwa ife inali yolankhula yokha, ife n'kumangomva. Ovaova tinkaiona ndi apolisi ndi alonda. Palibe amene anatiuzapo kusukulu kuti munthu wamba akhoza kutenga chiphaso, kumanga waya pakati pa mitengo iwiri, n'kulankhula ndi Karonga ali ku Thyolo popanda kugula mayunitsi.

Zimenezi zinandibwerera mwamphamvu mu March 2023, namondwe Freddy atagunda chigawo cha kum'mwera. Matope anatsika m'phiri la Soche kukakwirira nyumba ku Chilobwe, milatho inakokoloka ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Nsanje, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ife a kunja tinkangoimba manambala a abale athu, foni osalowa. Magetsi atathima, mafoni anatha moto, ndipo m'madera ena netiweki inasoweratu. Tinkadalira nkhani za m'maluwa za pa WhatsApp, wina akuti mudzi wakuti wapita wonse, wina akuti ayi ndi mudzi woyandikana nawo. Sindikunena kuti wayilesi ikanaletsa phiri kugumuka. Koma ndinkaganizira tebulo lija la mu galaja, ndi kuchepa kwa zimene zinali pamenepo: wayilesi, batire, waya, buku ndi pensulo.

Za luso lake si zovuta kwenikweni. Waya wa mamita pafupifupi 20, wodulidwa pakati kuti alumikizidwe ku wayilesi, akamangidwa motsika, mamita ochepa chabe kuchoka pansi, amaponya mafunde a 7 MHz pafupifupi molunjika kumwamba, ndipo amagwa mozungulira pa mtunda wa makilomita mazana angapo. Phiri la Mulanje silingawatchinge chifukwa akutsika kuchokera pamwamba. Usiku anthu amatsikira ku 3.5 MHz. Batire ya galimoto ndi sola imodzi zikhoza kuyendetsa siteshoni yotere. Uthenga wochoka ku Nsanje ukalephera kufika ku Chitipa, wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu akhoza kuulandira n'kuupititsa. Ziphaso kwathu amapereka ndi a MACRA. Chovuta ndi mtengo wa wayilesi, kusowa kwa ophunzitsa, ndi kupeza anthu amene angalolere kukumana sabata ndi sabata pamene kunja kuli bata ndipo palibe chodetsa nkhawa. Ndikanakonda masukulu a sekondale, makoleji a zaumisiri, zipatala za mishoni ndi magulu a ma Scout akanayamba, chifukwa kumeneko kuli kale aphunzitsi a sayansi, madenga oikapo sola, ndi achinyamata amene akanatenga mwambowu n'kuupititsa m'chinenero chawo.

Amene akufuna kumva yekha mmene net imayendera sayenera kuyamba wagula kanthu. Yunivesite ya Twente ku Enschede, m'dziko la Netherlands, ili ndi wayilesi yolandirira imene aliyense akhoza kuitsegula pa intaneti n'kuipotokola yekha, ndipo palinso zina zambiri zamtundu wa KiwiSDR zimene eni ake anazitsegulira anthu, kuphatikizapo za ku South Africa. Kumvera ma ham n'kololedwa chifukwa iwo amalankhula poyera. Lamlungu m'mawa yesani pakati pa 7.050 ndi 7.200 MHz pa wayilesi ya ku South Africa, mutasankha batani la LSB. Madzulo yesani 14.300 MHz mutasankha batani la USB, pamene Maritime Mobile Service Net yakhala ikukumana chiyambire 1968, kuitana a m'mabwato amene ali pakati pa nyanja kuti anene pamene afika ndi mmene nyengo ilili. Khalani ndi pepala ndi pensulo, muzilemba mayina amene mwawagwira, ndipo sabata yotsatira mudzaone kuti ndi angati abweranso.